Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mayunivesite: tiphunzitseni kufunsa funso limene timaliopa

Olemekezeka akuluakulu nonse oyendetsa mayunivesite ndi makoleji,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Ine ndine mmodzi mwa antchito anu, mphunzitsi amene waima kutsogolo kwa kalasi zaka zopitirira khumi. Za matenda a maganizo sindinaphunzire, choncho musandimve ngati katswiri. Ndikulemba ngati munthu amene tsiku lina anamva mwana wa eni akutsanzika, iye n'kupitiriza kuchonga mayeso.

Zinali chonchi. Semesita itatsala pang'ono kutha, mnyamata wina wa chaka chachiwiri anagogoda pa ofesi yanga. Anabwera kudzabweza buku limene ndinamubwereka kalekale, loti ineyo ndinali nditaliiwala. Pathebulo panali mulu wa mapepala, cholembera chofiira chili m'manja. Analiika bukulo pangodya ya thebulo, n'kuliwongola bwinobwino ndi zala ziwiri, kenako anangoima osachoka. Anati, "Aphunzitsi, zikomo pa zonse. Ngati ndinakuvutani pena pake mundikhululukire." Ine maso ali papepala ndinati, "Palibe kanthu, tionana semesita ikubwerayi." Iye anati, "Kaya." Liwu limenelo ndinalimva. Mtima unagunda ndithu, koma ndinadziuza kuti mwanayu akungoopa kuwididwa, kapena kuti kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso, ndipo oopa kuwididwa ndawaona ambiri. Chitseko chinatsekeka mofatsa, ine ndinatenga pepala lina.

Usiku wa tsiku lomwelo, cha m'ma 2 koloko, bambo ena achikulire amene amalondera ku hositelo anamupeza atakhala pamasitepe, kunja kukuzizira iye alibe juzi, foni atathimitsa. Bambowa sukulu anailekezera ku pulayimale. Anamufunsa ngati ali bwino, iye anati ali bwino. Sanapitirire. Anaika tochi yawo pansi, n'kukhala pa sitepe yomweyo, ndipo atakhala phee kwa kanthawi anamufunsa osapita m'mbali: "Mwana wanga, kodi ukuganiza zodzipha?" Mnyamatayo anangoyamba kulira. Bambowo anatuma mlonda mnzawo kukadzutsa woyang'anira hositelo, iwo osasuntha pamalopo mpaka kunja kunayera. M'mawa anamuperekeza kuchipatala. Anapuma semesita imodzi, anabwerera, ndipo digiri yake anaitenga. Nkhaniyi anandilola yekha kuti ndiifotokoze, bola dzina ndisatchule.

Patapita masiku ndinawafunsa bambowo kuti kulimba mtima koteroko anakutenga kuti. Anati mng'ono wawo anapita njira yomweyo zaka zambiri zapitazo, ndipo chimene chimawadya mpaka lero n'chakuti zonse anaziona koma funso analimeza. Ndiye kuti sukulu imene inapulumutsa wophunzira wathu usiku umenewo inali maliro a mng'ono wawo. Ine wa madigiri ndinamva "kaya" n'kutenga pepala lina. Ndipo bambowa dzina lawo silipezeka pa mndandanda uliwonse wa opita kumaphunziro. Pakakhala msonkhano wa zaumoyo wa ophunzira amapita ndi akuluakulu a madipatimenti, iwo yawo n'kuwatsegulira geti.

Pempho langa ndi ili. Ikani m'ndondomeko ndi mu bajeti maphunziro opewera kudzipha, a aliyense amene amagona kapena kugwira ntchito pasukulu zanu, ndipo muyambire kwa anthu amene ophunzira amakumana nawo tsiku ndi tsiku. Akhale maphunziro oyeserera pakamwa, obwerezedwa chaka ndi chaka, ndipo kumapeto kwake kukhale khomo lenileni loti wophunzitsidwayo akagogodepo usiku.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 720,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo imfa 73 mwa 100 zilizonse zimachitika m'mayiko osauka ndi apakatikati. Mwa achinyamata a zaka 15 mpaka 29, kudzipha kuli pa nambala 3 mwa zimene zikuwapha kwambiri. Msinkhu umenewu ndi womwe mwausonkhanitsa m'makalasi mwanu, mwauchotsa kwa makolo, mwaugoneka m'zipinda za anthu osadziwana, n'kuuuza kuti tsogolo lake lonse lili pa pepala la maola atatu. Kafukufuku wamkulu amene Ronald Kessler ndi anzake anatulutsa ku America mu 2005 anapeza kuti mwa anthu anayi amene amadwala matenda a maganizo, atatu amakhala atayamba kudwala pofika zaka 24. Kunena kwina, ambiri amakhala m'manja mwanu matendawa atawagwera kale kapena akuwagwera koyamba, ndipo sadziwa n'komwe kuti chimene chawagweracho ndi matenda okhala ndi dzina ndi chithandizo.

Mundiuza kuti mlangizi alipo. Alipodi, ndipo ndimamulemekeza, poti katundu amene wasenza si wa munthu mmodzi. Koma ofesi yake imatsegula m'mawa n'kutseka madzulo, ndipo chitseko chake chili pakhonde pomwe aliyense wodutsa amaona amene walowa. Wophunzira amene zamuthina sayambira kumeneko. Woyamba kuona ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi, amene akudziwa kuti munthuyu watha masiku atatu ali m'bulangete, m'kalasi osapita, osasamba. Amayi oyeretsa m'mahositelo amadziwa chipinda chimene makatani ake satsegulidwa. Ophika amadziwa amene wasiya kubwera kudzadya. Kalaliki wa ku ofesi ya zachuma ndiye amaona nkhope ya mwana pamene akumuuza kuti salemba mayeso chifukwa cha ngongole ya fizi. Wa ku laibulale amaona amene amakhala mpaka nthawi yotseka buku lili chitsegulire patsamba lomwelo. Ndipo anzake a pa WhatsApp ndi amene amawerenga mawu aja amaikidwa pakati pa usiku, akuti "ndatopa nazo," "mudzandikumbuka," "ndine mtolo kwa aliyense," n'kuyankha ndi tizithunzi toseka chifukwa china choyankha alibe. Akatswiri a nkhaniyi anthu oterewa amawatcha alonda a pachipata. Kwa iwo ndi fanizo, koma wathu anali mlonda weniweni wa tochi m'manja.

Maphunziro oterewa simuchita kuwapeka. Alipo otchedwa QPR, amene Paul Quinnett anayambitsa ku America mu 1995, a ola limodzi kapena awiri, ndipo mfundo zake ndi zitatu basi: funsa, munyengerere kuti alandire thandizo, mufikitse kwa womuthandiza. Alipo a masiku awiri otchedwa ASIST, amene anayambira ku Calgary m'dziko la Canada mu 1983, oyenera oyang'anira mahositelo, anamwino ndi atsogoleri a mipingo ya pasukulu. Ndipo ngati wina mwa inu akukayika kuti munthu wopanda digiri angaphunzire zimenezi, ayang'ane ku Harare, kumene dokotala Dixon Chibanda anayamba mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa kiliniki n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo. Zotsatira zake zitatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti patapita miyezi 6, amene anacheza ndi agogowo anali atapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Chimene simuyenera kuchita ndi kutenga mabuku a maphunzirowa n'kuwawerengera anthu m'chinenero chimene salirira. Mwana akasweka mtima salankhula chinenero cha mayeso, ndipo alonda ndi ophika aphunzire funsoli m'mawu amene adzaligwiritsire ntchito.

Ndikudziwa mantha amene ali mwa ambiri a inu, chifukwa ndinali nawo inenso: akuti ukamufunsa munthu za kudzipha ndiye kuti wamupatsa nzeru. Zimenezi anthu anaziyesa. Mu 2005 Madelyn Gould ndi anzake anagawa pawiri ophunzira a sekondale oposa 2,300 a m'chigawo cha New York. Gulu lina analifunsa mafunso okhudza kudzipha, lina ayi, kenako anawaonanso onse patapita masiku awiri. Ofunsidwawo sanavutike maganizo kuposa anzawo, ndipo mwa amene anali kale pangozi, ofunsidwa ndi amene anaoneka opepukidwa. Mu 2014 akatswiri a ku King's College London anasonkhanitsa zofufuza 13 za nkhani yomweyi, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinapeza kuti kufunsa kumakulitsa maganizo odzipha. Munthu amene ganizoli alibe amangodabwa n'kunena kuti ayi. Amene ali nalo amakhala atalisenza yekha kwa miyezi, ndipo funsolo limamuuza kuti pano pali munthu amene sathawa akamva.

Koma kudziwa kuti funso silipha ndi kwina, kulitulutsa pakamwa ndi kwina. Ndinayeserapo ndekha mu ofesi, chitseko nditakhoma, ndipo liwu lakuti "kudzipha" linakanirira pakhosi. Amene amatuluka msanga ndi mafunso okhota. "Sukuganiza zopusa, eti?" Funso limeneli ladziyankha kale, lamuuza munthuyo kuti akavomera ndiye kuti ndi wopusa. Kenako timathamangira kutonthoza: limba mtima, mwamuna salira, ena akuvutika kuposa iwe, taganizira makolo ako mmene avutikira ndi fizi yako. Mawu omalizawa timawanena ndi mtima wabwino, koma kwa mwana amene akudziona kale ngati mtolo kwa makolo omwewo, tamusanjikira mwala wina pamutu. Pemphero nalo ndi labwino, ine ndimapemphera. Koma "ingopemphera" akakhala mawu otsekera nkhani, munthuyo amabwerera kuchipinda ali yekhayekha ngati poyamba, tsopano akudzionanso ngati wopanda chikhulupiriro.

N'chifukwa chake maphunziro a m'holo yodzaza, wina akuwerenga zolemba pa pulojekita anthu akusinza, sakwanira. Anthu akhale awiriawiri, wina akhale wophunzira wovutika, wina afunse, kenako asinthane, mpaka funso lituluke losakhota. Aphunzire kukhala chete osadzaza mpata ndi malangizo. Aphunzire kusalonjeza chinsinsi chimene sangachisunge, azitha kunena kuti, "Sindikauza gulu, komanso sindisunga ndekha, tiye tipeze wina woti atithandize." Aphunzire kuperekeza ndi miyendo yawo. Kumuuza munthu wothedwa nzeru kuti "upite kwa mlangizi" sikusiyana ndi kumulozera wothyoka mwendo kuti chipatala chili kuseri kwa phiri ilo.

Musayembekezere kuti maphunzirowa asandutsa antchito anu alosi. Mu 2017 Joseph Franklin ndi anzake anaunika zofufuza 365 za zaka 50, n'kupeza kuti kulosera amene adzadziphe potengera mndandanda wa zizindikiro kumaposa mayere pang'ono chabe. Ena amene ali pangozi ndi okhoza bwino m'kalasi, osekaseka, otsogolera kwaya kapena timu ya mpira. Choncho musatigawire fomu yochongapo. Chofunika n'chakuti pasukulu pachuluke anthu oti mtima ukawagunda, monga unandigundira ine tsiku lija, aike cholembera pansi n'kufunsa.

Chimene tikulimbirana pano ndi nthawi. Madokotala a ku Innsbruck m'dziko la Austria anafunsa anthu 82 amene anapulumuka atayesa kudzipha, ndipo mu 2009 analemba kuti pafupifupi theka anati kuchokera pamene ganizolo linawagwira tsikulo kufika pochita panadutsa mphindi 10 kapena kucheperapo. Mavutowo amakhala akale, koma mphindi yoopsayo imabwera ngati namondwe, ndipo namondwe amadutsa. Richard Seiden analondola anthu 515 amene anawagwira akufuna kudzipha pamlatho wa Golden Gate ku San Francisco, ndipo mu 1978 anapeza kuti patapita zaka pafupifupi 26, anthu 94 mwa 100 alionse anali moyo kapena anamwalira ndi matenda wamba. Mawu aja timamva akuti wofuna kufa sungamuletse, ukamugwira lero achita mawa, ndi mawu otipumitsa ife amene sitikufuna kudzuka usiku.

Tsopano pothina penipeni ndi apa. Mukaphunzitsa anthu ambiri kufunsa, ena adzayankhidwa kuti inde. Ndiye 2 koloko ya usiku wa Loweruka, mtsikana wa zaka 19 amene mnzake wamuyankha kuti inde adzaimbire ndani? Ngati yankho lanu ndi lakuti adikire Lolemba, ndiye kuti mwamusenzetsa mwanayo moyo wa mnzake n'kumusiya yekha panjira, ndipo kuli bwino akanapanda kuphunzitsidwa. Musanagawe satifiketi ngakhale imodzi, konzani nambala ya foni imene imayankhidwa usana ndi usiku, ilembedwe kuseri kwa chiphaso cha wophunzira aliyense ndi kuseri kwa chitseko chilichonse cha hositelo. Pakhale galimoto ndi dalaivala amene sachita kudikira kuti bwana asaine. Pakhale mgwirizano wolembedwa ndi chipatala chapafupi. Anamwino a pakiliniki yanu aphunzire kulemba limodzi ndi wodwala kandondomeko kodzitetezera, konga kamene Barbara Stanley ndi Gregory Brown anafalitsa mu 2012. N'katsamba kamodzi kokha, kolembedwa m'mawu a mwini wake: zimene zimamuchenjeza kuti namondwe akubwera, zimene angachite payekha, kumene angapite kuti akhale pa anthu, amene angamuimbire, ndi mmene angatalikitsire zinthu zoopsa m'chipinda mwake. Ndipo polembetsa sukulu, wophunzira aliyense azitchula yekha munthu amene amamukhulupirira woti aimbiridwe zikavuta, pakuti si onse amene munthu ameneyo ndi kholo.

Akatuluka kuchipatala musamuiwale. Dokotala wina wa ku San Francisco, Jerome Motto, anatenga anthu 843 amene anatuluka m'chipatala n'kukana kupitiriza chithandizo. Ena mwa iwo ankangowalembera timakalata tatifupi towafunira zabwino, osawapempha kanthu. M'zaka ziwiri zoyambirira, mwa olandira timakalatato anadzipha ochepa poyerekeza ndi enawo. Ngati kakalata ka mizere itatu kanatero, sindikuona chimene chingalepheretse dipatimenti kutumiza uthenga wa pafoni kwa wophunzira wake amene ali kunyumba akupuma.

Pali zina zimene si za mlangizi kapena za mlonda, ndi zanu ndithu. Zotsatira za mayeso zikatuluka Lachisanu madzulo maofesi onse atatseka, wophunzira amene wawididwa amagona ndi uthengawo masiku awiri popanda womuuza kuti apilo ilipo, kuti kubwereza n'kotheka, kuti ena anadutsa momwemo n'kumaliza. Kalata yakenso imakhala youma gwa, yongotchula ndime ya lamulo. Ambiri mwa anawa ndi oyamba m'banja mwawo kuponda pa yunivesite, ndipo chimene amaopa kwambiri ndi nkhope za amene anadzimana kuti iwo afike pamenepo. Kusuntha tsikulo kuti likhale Lachiwiri m'mawa sikulira ndalama. Kuwonjezera pakalatapo ndime yonena kuti bwera ku ofesi yakuti tikambirane sikulira ndalama. Kusiya kuitana mayina a angongole ya fizi pakhomo la holo ya mayeso anzawo akumva sikuliranso ndalama. Sindikunena kuti munthu amadzipha chifukwa cha mayeso okha ayi. Zimakhala zambiri zolukanalukana, matenda a maganizo, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ngongole, juga ya pafoni, chibwenzi chotha, nkhanza zimene anachitiridwa n'kusauza munthu. Koma mukudziwa kuti udzu ndi wouma, ndiye musadutsemo ndi chikuni chamoto.

Lembaninso poyera kuti wophunzira amene waulula maganizo oterewa sachotsedwa sukulu, salandidwa malo ogona, ndipo nkhani yake sipita ku komiti yolanga. Akamaopa chilango sayankha zoona ngakhale funso litafunsidwa bwino chotani. M'mayiko ena kuyesa kudzipha ukadali mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo, ndipo anzake amabisa wodwala poopa apolisi. Dziko la Ghana linachotsa lamulo lotero mu 2023. Kumene likadalipo, mawu anu amafika kwa opanga malamulo msanga kuposa anga.

Muyang'anenso makiyi. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri ophera tizilombo m'minda, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi 70 pa 100 alionse pakati pa 1995 ndi 2015, ndipo akatswiri akuyerekeza kuti miyoyo 93,000 inapulumuka. Mavuto a anthu sanathe, koma chimene chinali pafupi m'mphindi 10 zija chinatalikira. Mosungira mankhwala a mu labu ndi a kumunda wophunzirira, ndiponso zitseko zopita padenga la nyumba zosanja, zikhale ndi munthu wodziwika wosunga kiyi.

Zikadzachitika, pakuti ngakhale titayesetsa chotani nthawi zina zidzachitikabe, musadzatseke pakamwa n'kusiyira mphekesera bwalo lonse. Ndinaonapo chikalata cha mizere iwiri chonena kuti wophunzira "watisiya mwadzidzidzi," pamene m'magulu a WhatsApp zithunzi za chipinda chake zinali zitafika kale ngakhale kwa ana a chaka choyamba. Imfa yotere imatha kukoka ina. David Phillips anaonetsa mu 1974 kuti nkhani ya kudzipha ikaikidwa patsamba loyamba la nyuzipepala, imfa zotero zimakwera m'masabata otsatira. Ku Vienna atolankhani atagwirizana mu 1987 kusiya kulemba mokokomeza za odzipha m'njanji za pansi pa mzindawo, imfa za m'njanjimo zinatsika kwambiri m'miyezi yochepa. Lero mtolankhani ndi aliyense wa foni. Choncho atsogoleri a ophunzira ndi oyang'anira magulu a pafoni adziwe kuti njira imene munthu anagwiritsa ntchito safotokoza, zithunzi ndi kalata yotsanzikira sagawa, ndipo imfayo saikoloweka pa chinthu chimodzi kapena pa munthu mmodzi. Womwalirayo asanyozedwe, asasandutsidwenso ngwazi. Amene ankagona naye, amene anamupeza, bwenzi lake, mphunzitsi amene anamuchonga pepala lomaliza, onsewa alondoleni m'masabata otsatira, anthu atabalalika ndipo aliyense wabwerera ku zake.

Poti kalatayi ili poyera, ndikudziwa kuti si akuluakulu okha amene akuwerenga. Iwe wophunzira amene mawu aja a "ndine mtolo" wawazindikira ngati ako, usadikire kuti ndondomekozi zikonzeke. Uza munthu lero, mnzako, namwino, mphunzitsi, ngakhale alonda a pageti. Woyambayo akakuyankha mokhota ngati mmene ndinachitira ine, uza wachiwiri.

Akuluakulu, chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti kalatayi mudzaiyankha ndi msonkhano umodzi wa ku hotela pa 10 September, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira nkhaniyi kuyambira mu 2003. Matisheti, chikwangwani, zithunzi, maalawansi, basi zatha. Ku America lamulo la 2004 linapereka ndalama zophunzitsira alonda a pachipata m'masukulu, m'makoleji ndi m'madera. Ataunika mu 2015 anapeza kuti m'maboma amene munachitika maphunzirowa achinyamata odzipha anachepa chaka chotsatira, koma kupitirira pamenepo kusiyanako sikunaonekenso. Luso limeneli limachita dzimbiri. Pa yunivesite ndiye zimanyanya, chifukwa chaka chilichonse ophunzitsidwa amamaliza n'kupita, atsopano n'kulowa, alonda nawo amasinthidwa kontirakiti ikatha. Maphunzirowa alowe m'sabata yolandirira ophunzira atsopano, ndipo alowe m'mgwirizano wanu ndi makampani amene amakubweretserani alonda, ophika ndi oyeretsa, maola ophunzirawo awerengedwe ngati a ntchito.

Ndipo muyambe ndinu. Asilikali a ndege zankhondo a ku America atayamba ndondomeko yawo mu 1996, akuluakulu enieni ndi amene ankalembera asilikali onse kuti kupempha thandizo si kufooka, ndipo m'zaka zotsatira imfa zodzipha zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mphunzitsi wamng'ono salimba mtima kuchedwetsa zochonga kuti akhale ndi wophunzira wolira ngati akudziwa kuti bwana wake adzamufunsa za mapepala okha. Antchitowonso musawaone ngati othandiza chabe. Ali ndi ngongole zawo, maukwati awo ogwedezeka, matenda awo obisa, ndipo nambala ija ikhale yawonso.

Bambo aja akadali pageti. Usiku wotsatira anabwera kuntchito monga mwa masiku onse, ndipo palibe wa mu ofesi amene anawafunsa ngati anapezako tulo. Pasukulu iliyonse mwa zanu alipo anthu ngati iwowa, amene anachitapo zotere popanda wowauza ndiponso popanda wowathokoza. Tsiku lotsegulira maphunziro oyamba mudzawafufuze, mudzawapatse mpando kutsogolo ndi mphindi khumi zoti alankhule. Inuyo mudzakhale pamzere woyamba, ndipo ikadzafika nthawi yokhala awiriawiri musadzatuluke kukayankha foni. Dzina langa mulilembe pa mndandanda wa ofuna kuphunzira.

Ine wanu pantchito,

Mphunzitsi wa pa yunivesite